Ndagula makina ndi galimoto ya bizinesi: kodi ndingachotsere bwanji pa msonkho?

Funso: Ndili ndi kabizinesi kowotcherera zitsulo, timapanga mageti, mawindo ndi zitseko. Chaka chino ndagula makina owotcherera atsopano, jenereta, komanso pikapu yogwirapo kale ntchito imene ndinatengera ngongole ku banki. Mkati mwa sabata pikapuyo imanyamula zitsulo, koma ndi yomweyonso timayendera pabanja. Mnzanga akuti zonsezi ndikhoza kuchotsera pa msonkho ndipo boma lindibwezera ndalama zanga. Kodi n'zoona? Nanga ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, mnzanuyo wanena zoona mbali imodzi, koma mawu akuti "kubwezera" ndi amene asokeretsa anthu ambiri, choncho tiyambire pomwepo. Boma silikubwezerani ndalama zimene munagulira makina. Chimene lamulo limalola n'chakuti mtengo wa zida zanu uchotsedwe pa phindu msonkho usanawerengedwe. Tiyerekeze kuti msonkho wa phindu kwanuko ndi 30 peresenti, ndipo chaka chino mwaloledwa kuchotsera 2,000 m'ndalama ya dziko lanu. Zimene zatsala m'thumba mwanu ndi 600 basi, 1,400 inayo mwalipira ndithu nokha. Ndikutsindika zimenezi chifukwa pali amalonda amene kumapeto kwa chaka amathamangira kugula galimoto imene sakuifuna n'komwe, ati apulumuke ku msonkho. Kutaya 10,000 kuti mupulumutse 3,000 si malonda ayi. Gulani chida chifukwa ntchito ikuchifuna, za msonkho zibwere pambuyo.

Musanawerengetsere chilichonse, dziwani mtundu wa msonkho umene munalembetsa. Mayiko ambiri ali ndi msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono umene umawerengedwa pa ndalama zonse zolowa, osati pa phindu. Dzina lake lodziwika ndi turnover tax, kwina amati presumptive tax. Ngati muli pamenepo, kawirikawiri palibe chochotsera: makina, mafuta, matayala, zonse zinaganiziridwa kale poika peresenti yotsika ija. Zimene ndikulongosola pano zikukhudza munthu amene amakhoma msonkho pa phindu. Ngati mwagula zida zodula ndipo muli pa turnover tax, khalani pansi ndi akauntanti muwerengetsere njira zonse ziwiri, chifukwa nthawi zina kusamukira ku msonkho wa phindu kumakhala kotchipa, ngati lamulo la kwanuko likulola kusankha.

Tsopano ndalama zotuluka mu bizinesi zili mitundu iwiri, ndipo nkhani yonse yagona pa kuisiyanitsa. Pali zimene zimatha pogwira ntchito: ndodo zowotcherera, madisiki odulira zitsulo, penti, magetsi, mafuta a jenereta, lendi ya malo, malipiro a anyamata. Izi zimachotsedwa zonse m'chaka chomwecho. Ndiye pali katundu wokhalitsa amene azigwira ntchito zaka zingapo, monga makina anu, jenereta ndi pikapu. Ameneyu sachotsedwa ngati mafuta. Lamulo limati popeza chidacho chizikubweretserani ndalama zaka zambiri, mtengo wakenso ugawidwe m'zaka zambiri, ndipo gawo la chaka chilichonse ndi limene limatchedwa capital allowance, kwina amati wear and tear allowance. Akauntanti wanu akhoza kulemba m'mabuku mwanu kutsika mtengo kwa zida mmene iye akuonera, koma bungwe lotolera misonkho m'mayiko ambiri silitsata zimenezo. Limabwezera chiwerengerocho pa phindu n'kuika chake, cholembedwa m'lamulo.

Kawerengedwe kake kali pawiri. Njira yoyamba imagawa mtengo mofanana: makina a 10,000 ogawidwa zaka zisanu ndiye 2,000 chaka chilichonse mpaka kutha. Njira yachiwiri imatenga peresenti ya zimene zatsala. Pa 20 peresenti, chaka choyamba muchotsera 2,000 n'kutsala 8,000. Chaka chachiwiri muchotsera 1,600 n'kutsala 6,400. Chachitatu 1,280 n'kutsala 5,120, kumatsika choncho. Chiwerengero chotsalacho chisungeni bwino kwambiri, tichifunanso tikafika pa nkhani yogulitsa.

Mayiko ena amafulumizitsa zimenezi pofuna kulimbikitsa amalonda kugula zida. Ku United Kingdom kuli Annual Investment Allowance, imene imalola kuchotsera mtengo wonse wa makina m'chaka chogulira mpaka mapaundi 1 miliyoni, koma magalimoto onyamula anthu salowa m'menemo. Ku United States kuli gawo la lamulo la msonkho lotchedwa Section 179, limene limachita zofananako, ndipo limafuna kuti chidacho chizigwira ntchito ya bizinesi kuposa theka la nthawi. Ku South Africa, kampani yaing'ono yokwaniritsa zofunika pa Section 12E imachotsera 100 peresenti pa makina opangira zinthu, ndipo pa zida zina imachotsera 50, 30 ndi 20 peresenti m'zaka zitatu. Kumenekonso kachida kotsika mtengo kuposa marandi 7,000 kamachotsedwa konse nthawi imodzi. Ndatchula izi kuti muone kuti maperesenti amasiyana dziko ndi dziko ndipo amasinthidwa mu bajeti, choncho tengani ndandanda ya chaka chino ku bungwe lotolera misonkho kwanuko, ndipo mufunse mwachindunji ngati ntchito yanu ikuwerengedwa kuti ndi yopanga zinthu. Wopanga mageti kuchokera ku zitsulo zosadula nthawi zambiri amakhala ndi poyambira pabwino pa funso limeneli, ndipo opanga zinthu ndi amene amapatsidwa zochotsera zokulirapo m'mayiko ambiri.

Mtengo wa makina si umene uli pa lisiti la sitolo wokha. Onjezani zonse zimene munalipira kuti makinawo afike ndi kuyamba kugwira ntchito: thiransipoti, msonkho wa pachipata ngati anachokera kunja, mmisiri wa magetsi amene anawalumikiza, nthambo ndi buleka zimene anaika. Anthu ambiri amasiya izi panja chifukwa malisiti ake ndi timapepala ting'onoting'ono, ndipo amadzimana okha. Ngati munalembetsa VAT, msonkho wa VAT wa pa makinawo mumaufunsa kuti ubwezedwe padera pa fomu yake, ndiye mtengo wowerengera capital allowance ukhale wopanda VAT. Ngati simunalembetse, VAT ndi gawo la mtengo, werengerani zonse pamodzi. Kufunsa VAT uku n'kuiwerengeranso uko ndi kulakwitsa kumene oyendera mabuku a bungwe lotolera misonkho amakupeza msanga. Dziwaninso kuti malamulo ambiri amayang'ana tsiku limene chidacho chinayamba kugwira ntchito. Makina ogulidwa sabata yomaliza ya chaka n'kukhala m'katoni mpaka chaka chotsatira akhoza kudikira chaka china asanachotseredwe.

Tibwere pa galimoto, pamene pali ntchito yambiri ndi mikangano yambiri.

Pikapu yanu ikugwirira mabwana awiri, bizinesi ndi banja, ndipo msonkho umangodziwa gawo la bizinesi. Gawolo silipezeka poganizira, limapezeka pa makilomita. Gulani kabuku kolimba kazikhala m'galimoto momwemo, cholembera chomangirira ndi chingwe. Tsiku loyamba la chaka cha msonkho lembani nambala imene ili pa mita ya makilomita ndipo muijambule pa foni, tsiku lomaliza muchitenso chimodzimodzi. Ulendo uliwonse wa ntchito lembani deti, kumene mwachokera, kumene mwapita, chimene mwapitira, nambala ya pa mita ponyamuka ndi pobwerako. Mzere umodzi uzioneka motere: 14 Malichi, kuchoka ku shedi kupita kokagula mapaipi ndi ma angle iron, ponyamuka 84,210, pobwera 84,246, makilomita 36. Mawu oti "za ntchito" okha sakwanira. Lembani kuti munakapima geti la kasitomala uti, kuti mzerewo ugwirizane ndi invoisi imene ili m'faelo.

Tiyerekeze kuti chaka chatha ndipo galimoto yayenda makilomita 20,000, mwa amenewo 14,000 ndi a ntchito. Gawo la bizinesi ndi 70 peresenti. Mafuta a chaka chonse adya 5,000, inshulansi ndi malaisensi 1,200, sevisi ndi matayala 1,800, zonse pamodzi 8,000. Muchotsera 5,600. Pa mtengo wa galimotoyo, tinene kuti munagula 30,000 ndipo lamulo likuti 20 peresenti ya zotsala. Gawo la chaka choyamba ndi 6,000, koma inu muchotsera 70 peresenti yake, 4,200. Apa pali pobisika pamene ambiri amaphonya: m'mawerengedwe ofala, mtengo wotsala umatsika ndi 6,000 yonse, osati 4,200, chifukwa galimoto yakalamba ndithu ngakhale pa maulendo a pabanja. Ndiye mutsala ndi 24,000. Chaka chachiwiri gawo lonse ndi 4,800, inu muchotsera 3,360 ngati maulendo akadali 70 peresenti, n'kutsala 19,200.

Ulendo wochoka kunyumba kupita ku shedi kwanu m'mawa ndi kubwerako madzulo, m'mayiko ambiri suwerengedwa ngati wa bizinesi, ngakhale mutanyamula bokosi la zida kumbuyo. Amati kumene mukhala munasankha nokha. Ulendo wochoka ku shedi kupita kwa kasitomala, kogula zitsulo, ku banki pa za bizinesi, umenewo ndi wa ntchito. Mukaphatikiza, mwachitsanzo mwakasiya geti kenako mwakhotera kukaona achibale, lembani makilomita a geti okha. Chindapusa cha apolisi apamsewu musachiike n'komwe, ngakhale munalakwa muli pa ntchito, chifukwa chilango cha kuphwanya lamulo sichichotsedwa pa msonkho.

Chonde, musadzalembe kabuku kameneka kumapeto kwa chaka. Buku lolembedwa usiku umodzi limadziulula lokha: inki ndi imodzimodzi kuyambira Januwale mpaka Disembala, makilomita onse amathera pa ziro, masamba ake ndi oyera ngati sanalowepo m'galimoto ya wowotcherera. Choopsa kwambiri n'chakuti ku galaja amalemba nambala ya pa mita pa invoisi ya sevisi. Woyendera mabuku amangoika invoisi ya Juni pambali pa tsamba lanu la Juni, ndipo nambala zikasemphana, sakhulupiriranso buku lonse. Pamenepo akhoza kukana zonse za galimoto, n'kuwonjezera chindapusa ndi chiwongoladzanja pa msonkho umene unapereweratu. Kunena kuti galimoto ndi ya bizinesi 100 peresenti pamene pakhomo palibe galimoto ina kumaitananso mafunso. Munthu amene walemba 70 peresenti ndi buku looneka kuti layenda amamveka msanga kuposa amene walemba 100 wopanda umboni.

Mayiko ena ali ndi njira yachidule, yolipira mtengo woikika pa mtunda uliwonse wa ntchito m'malo mosunga malisiti onse a mafuta ndi sevisi. Ku United Kingdom, kuyambira mu 2011 kwa zaka zoposa khumi, mtengowo unali mapensi 45 pa mailo iliyonse kwa mailosi 10,000 oyambirira ndi mapensi 25 pa mailo kwa otsatira. Ku United States unali masenti 67 pa mailo mu 2024 ndi masenti 70 mu 2025. Mtengo umenewu umaphatikiza mafuta, sevisi, inshulansi ndi kukalamba kwa galimoto komwe, choncho simungautenge n'kufunsanso capital allowance pa galimoto yomweyo. Ku United Kingdom mukayamba nayo njira iyi pa galimoto ina, mumakhala nayo mpaka mutasintha galimoto. Kwa kagalimoto kakang'ono kosadya mafuta njirayi imapindulitsa. Kwa pikapu yolemedwa ndi zitsulo, imene imadya mafuta, masipuling'i ndi matayala, kawirikawiri malisiti enieni amapereka zambiri. Ndipo njira zonse ziwiri zimafuna kabuku kaja.

Onaninso kuti lamulo likuitcha chiyani galimoto yanu. Galimoto yonyamula katundu, monga lole, vani kapena pikapu ya mpando umodzi, imachitiridwa bwino kuposa yonyamula anthu, pa capital allowance ndi pa VAT pomwe. Ya mipando iwiri, double cab, ndi imene ili pamalire. Ku South Africa lamulo la VAT limaiwerengera pamodzi ndi magalimoto onyamula anthu, ndipo bizinesi wamba singafunse VAT pa mtengo woigulira. Ku United Kingdom kuyambira Epulo 2025 ma double cab ambiri anayamba kuwerengedwa ngati magalimoto onyamula anthu pa capital allowance. Simunanene kuti yanu ndi yamtundu uti, ndiye yang'anani pa buku lake ndipo mufunse.

Za ngongole ya ku banki. Ndalama imene mumabweza mwezi ndi mwezi ili ndi mbali ziwiri, mpamba ndi chiwongoladzanja. Mpamba suchotsedwa, chifukwa mtengo wa galimoto mukuuchotsera kale kudzera mu capital allowance, ndipo kuuikanso n'kudya kawiri. Chiwongoladzanja chimachotsedwa, gawo la bizinesi lokha, 70 peresenti ija. Pemphani ku banki pepala losonyeza kagawidwe ka malipiro a mwezi uliwonse. Kugula kolipira pang'onopang'ono, kotchedwa hire purchase, kumayenda chimodzimodzi m'mayiko ambiri. Kubwereka galimoto pa lendi n'kosiyana: si yanu, ndiye palibe capital allowance, mumachotsera lendiyo.

Popeza pikapuyo ndi yogwirapo kale ntchito, ndikuganiza kuti mwina munagula kwa munthu wopanda invoisi. Sizikulepheretsani kuchotsera, bola pakhale umboni. Lembani pangano la malonda lokhala ndi mayina onse awiri, deti, mtengo, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, musayinirane pamaso pa mboni. Sungani umboni wa ku banki wosonyeza kuti ndalama zinapita kwa wogulitsayo, ndipo musinthe dzina pa buku la galimoto. Galimoto imene ikadali m'dzina la mwini wakale, kapena ya mlamu wanu, ndi yovuta kuiteteza. Zida zimene munali nazo kale musanayambe bizinesi n'kuzilowetsa pa ntchito zimawerengedwanso m'mayiko ambiri, koma pa mtengo umene zikanagulitsidwa tsiku lolowalo, osati umene munagulira kalekale.

Kukonza ndi kuwonjezera n'zosiyananso. Kusintha mabuleki, kilatchi, batire kapena matayala ndi kubwezeretsa galimoto mmene inalili, ndipo zimachotsedwa chaka chomwecho. Kuimangira chimango cha zitsulo chonyamulira mapaipi aatali, kapena kuika kakireni kumbuyo, ndi kuwonjezera chinthu chimene panalibe, ndiye chimalowa pa katundu wokhalitsa. Samalani ndi galimoto yogulidwa motchipa chifukwa inali yakufa. Ndalama zoidzutsira kuti iyambe kuyenda zimatengedwa nthawi zambiri ngati mbali ya mtengo wogulira. Ndipo ngati chimangocho mwawotcherera nokha, werengerani zitsulo ndi ndodo, osati thukuta lanu, popeza mwini bizinesi sadzilipira yekha pa nkhani ya msonkho.

Tsiku logulitsa ndi limene limadzidzimutsa anthu. Tibwerere ku 19,200 yotsala ija. Mukagulitsa pikapu pa 22,000, ndiye kuti munachotsera zambiri kuposa mmene galimoto inatsikira mtengo. Kusiyana kwake ndi 2,800, ndipo 70 peresenti yake, 1,960, imabwerera pa phindu la chaka chogulitsacho n'kukhomeredwa msonkho. Amati balancing charge, kwina recoupment. Mukagulitsa pa 15,000, mwatsalira 4,200, ndipo muchotsera 2,940 ina. Amene anachotsera mtengo wonse chaka choyamba amatsala ndi ziro, choncho chilichonse chimene adzagulitsire chidzakhala ndi msonkho. Kusinthanitsa galimoto yakale ndi ina kwa ogulitsa magalimoto n'kugulitsa ndithu. Galimoto ikabedwa kapena kuphwanyika, ndalama ya inshulansi imalowa m'malo mwa mtengo wogulitsira. Kuipereka kwa mwana wanu kapena kuichotsa pa bizinesi kuti ikhale ya pakhomo kumawerengedwa pa mtengo wa pamsika, ngakhale simunalandire kanthu.

Chaka chimene mwagula zida zambiri chikhoza kutha ndi phindu lochepa kapena luzi. Musaleke kupereka fomu ya msonkho poganiza kuti palibe cholipira, chifukwa luzi yolembedwa bwino imaloledwa m'mayiko ambiri kupita ku zaka zotsatira, kwina kwa zaka zowerengeka. Kumene munthu ali ndi gawo la ndalama losakhomeredwa msonkho, kuchotsera zonse m'chaka chouma kukhoza kuwononga mwayi, popeza mukutsitsa phindu limene silikanakhomeredwa kale. Ku United Kingdom n'zololedwa kufunsa zochepa n'kusiya zotsala za zaka za mtsogolo. Funsani ngati kwanuko zimatheka.

Zonsezi ndalemba poganiza kuti bizinesi ili m'dzina lanu. Ngati ndi kampani yolembetsedwa payokha, galimoto ya kampani imachotseredwa yonse, koma maulendo anu a pabanja amasanduka phindu limene kampani ikukupatsani ngati wantchito, ndipo pamakhala msonkho wake, umene nthawi zina umaposa zimene mwapulumutsa.

Poyambira pake ndi apa. Tengani faelo imodzi, chida chilichonse chikhale ndi tsamba lake: dzina, nambala yake, deti logulira, deti loyambira ntchito, mtengo wonse ndi zowonjezera zija, ndi mzere wa chaka chilichonse wosonyeza zochotsedwa ndi zotsala. Malisiti a pa mapampu a mafuta ndi a m'masitolo ambiri amasindikizidwa pa pepala limene limafufutika ndi kutentha, ndipo akakhala miyezi ingapo m'galimoto amasanduka oyera mbee, choncho ajambuleni pa foni tsiku lomwelo. Nthawi yosungira mapepala imakhala zaka zisanu kapena kuposerapo m'mayiko ambiri, koma a makina ndi galimoto asungeni moyo wonse wa chidacho, ndi zaka zinanso mutachigulitsa. Ngati miyezi yapitayi simunalembe maulendo, musapeke. Yambani kabuku lero, ndipo za m'mbuyo muzipeze kuchokera ku mainvoisi a makasitomala, malisiti a zitsulo ndi nambala za pa mita zimene a galaja analemba, n'kulemba poyera pamwamba pa tsambalo kuti gawo limenelo mwalipeza kuchokera m'mapepala amenewa. Jenereta nayonso, ngati imayatsa nyumba magetsi akazima, ilembereni maola ake mofanana ndi makilomita a pikapu.